Chilembwe ndi funso la usilikali

A Malawi Defence Force akangolengeza kuti akulemba asilikali atsopano, achinyamata a kwa Kabudula, ku Nsaru, ku Nambuma mpaka ku Namitete sagona tulo. Ntchito zikusowa, tsono yunifolomu imaoneka ngati khomo lothawirapo umphawi. Mkangano umangokhala pa nthambi: uyu akufuna kwa apamtunda, uyo kwa a ndege, winayo kwa apanyanja ku Monkey Bay. Asanasankhe, ayambe amva za munthu amene nkhope yake ili pa ndalama zathu.

Mbusa John Chilembwe adabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1871. Mu 1892 adakumana ndi mmishonale Joseph Booth, yemwe mu 1897 adapita naye ku America. Kumeneko adaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900 adakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, natsegula sukulu ndi kumanga tchalitchi cha njerwa.

Iyeyu sadavalepo yunifolomu, koma adaona chimene usilikali umachita kwa amphawi. Asilikali a dziko lino adatumizidwa kukamenya nkhondo ya Ashanti ku Gold Coast mu 1900. Mu 1903 anyamata ambiri a King's African Rifles adathera ku Gumburu m'dziko la Somaliland. Kumudzi kudatsala amasiye, msonkho wa nyumba ukuwadikira.

Kenaka idafika nkhondo ya 1914, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya. Mu Sepitembala chaka chimenecho magazi adakhetsedwa ku Karonga pakati pa Angerezi ndi Majeremani, koma ambiri mwa ophedwa mbali zonse ziwiri adali anthu akuda. Mu Novembala Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake idali yakuti nkhondo adaiyambitsa ndi eni chuma ndi maudindo, koma wokafa ndi mmphawi amene pa nthawi ya mtendere sawerengedwa n'komwe. Adafunsa ngati mwini dziko adzapindulepo kanthu nkhondoyo ikadzatha. Boma la atsamunda lidaitsekereza kalatayo.

Masiku amenewo panalibe zoti usankhe nthambi ayi. Ena adagwira mfuti, koma unyinji, pafupifupi 200,000, adatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu wa nkhondo pamutu. Ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda, ndipo amuna a chigawo chapakati sadasiyidwe.

Pa 23 Januwale 1915 Chilembwe ndi omutsatira adaukira. Azungu atatu adaphedwa, mmodzi wa iwo William Jervis Livingstone wa ku Magomero. Kuukirako sikudapite patali. Pa 3 Febuluwale Chilembwe adawomberedwa cha ku Mulanje, tchalitchi chake chidaphwasulidwa, ndipo anzake ambiri adanyongedwa kapena kuwomberedwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti amene adatumidwa kukamusaka adali anthu akuda anzake, ovala yunifolomu. Msilikali akalamulidwa safunsa, eti?

Lero zinthu zidasintha. Asilikali ndi athu, mbendera ndi yathu, ndipo palibe wogwidwa mokakamiza. Tisaiwale kuti mu Disembala 1993 ndi asilikali omwewa adalanda zida a Malawi Young Pioneers, anthu n'kupumako. Usilikali ndi ntchito yaulemu ndithu.

Komabe funso la Chilembwe likadalipo. Mwana wa kwa Kabudula akatuluka ku MAFCO ku Salima, mwini wake ndi lamulo. Wapamtunda akhoza kugona ku Kamuzu Barracks lero, mawa n'kupezeka ku Congo. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 adaphedwa kufupi ndi Beni, ndipo mu Januwale 2025 ena atatu adafanso kummawa kwa dziko lomwelo. Amene akuganiza kuti kwa a ndege n'kofewa akumbukire 10 Juni 2024, pamene asilikali atatu oyendetsa ndege adafera ku Chikangawa pamodzi ndi a Saulos Chilima. Nako kunyanja mwera susamala za udindo wa munthu.

Choncho inu achinyamata, musasankhe nthambi chifukwa cha kukongola kwa chipewa kapena mphekesera za alawansi ya kunja. Safunsa adadya phula. Funsani amene adapuma pantchitoyi: ndi luso lanji limene mudzatuluke nalo, umakaniko, zachipatala kapena zomangamanga? Mukadzavulala adzakusamalani ndani? Nanga mukapanda kubwerako, mayi ndi ana adzalandira chiyani, ndipo liti?

Inunso a boma, pa 15 Januwale pamene tikumbukira Chilembwe, nkhata zamaluwa zokha sizikwanira. Mayankho a mafunso amenewa muziwapereka poyera, mwana wa mwini wake asanasaine.