Mbiri ya Dr. William Hoppe Murray ndi Nyumba Zakale za pa Mvera

Pakati pa anthu amene maina ao sangaiwalike m'dziko lino la kunyanja, kuyambira pa Domira Bay kufikira m'mapiri a Dowa, pali Dr. William Hoppe Murray, mbusa ndi mphunzitsi wa Mishoni ya Dutch Reformed. Mbiri yao yalembedwa m'lipoti la chaka chino chifukwa cha pempho limene Bungwe laika pamaso pa mamembala, lakuti asonkhe ndalama zosungira nyumba zakale za Mishoni pa Mvera, kumene sukulu ya dera lino inayambira. Pakuti munthu sapereka ndi mtima wonse pa chinthu chimene sadziwa chiyambi chake.

A Murray anabadwa m'chaka cha 1866 ku South Africa, m'banja limene linatulutsa abusa ambiri. Pamene iwo anali chiphunzirire, mbale wao, mbusa Andrew Charles Murray, pamodzi ndi mbusa Vlok, anamanga msasa pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, m'mwezi wa November chaka cha 1889. A William Murray anawatsata m'chaka cha 1894. Masiku amenewo njanji inali isanafike ku Salima, popeza inadzafika m'chaka cha 1935. Chotero alendo a Mishoni anali kutsika sitima ya pamadzi pa Domira Bay, nakwera chitunda kunka ku Mvera, katundu wao ali pamitu ya amtengatenga. Mabuku, masileti ndi zipangizo za sukulu zinadzera m'dziko la Salima, ndipo anthu a kunyanja ndiwo anaziona poyamba.

Pamene a Andrew Charles Murray anabwerera kwao, utsogoleri wa Mishoni unagwera a William Murray. Iwo anazindikira msanga kuti Azungu owerengeka sangathe kufika m'midzi yonse, ndi kuti sukulu idzakhazikika pokhapokha eni dziko ataphunzitsa anzao. Chifukwa chake pa Mvera panayambika sukulu ya aphunzitsi. Anyamata amene anaphunzira pamenepo anatumidwa m'midzi ya kumapiri ndi ya kuchigwa, namanga timasukulu ta mitengo ndi udzu, naphunzitsa ana ndi akulu omwe kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. M'chaka cha 1913 likulu la Mishoni linasamukira ku Nkhoma, ndipo maphunziro a aphunzitsi anapitirira kumeneko.

Koma ntchito yaikulu koposa ya moyo wao inali kumasulira Baibulo m'Chinyanja. Mishoni zingapo zinagwirizana kuti pakhale buku limodzi lomveka kwa anthu a kumwera ndi a pakati pomwe, ndipo katundu wolemera wa ntchitoyo anasenza ndi a Murray. Pofuna malo a phee, anali kupatukira ku phiri la Kaso pafupi ndi Mvera. Sanagwire okha: Dr. Alexander Hetherwick ndi mbusa Robert Napier a ku Blantyre anathandiza, ngakhale a Napier anafa pa nkhondo m'chaka cha 1918, buku lisanatuluke. Analiponso eni chinenero, a Jonathan Sande, a Wilibesi Chikuse ndi a Ishmael Mwale, amene anali kuyesa mau amodziamodzi ngati akumveka monga alankhulira anthu pabwalo. Buku Lopatulika linasindikizidwa lonse m'chaka cha 1922, ndipo m'mabanja ambiri ndilo linali buku lokhalo la m'nyumba, limene ana anazolowerapo kuwerenga.

A Murray anaonanso mpingo ulikukhwima. M'chaka cha 1925 a Andreya Namkumba ndi a Namoni Katengeza anadzozedwa ubusa, oyamba mwa eni dziko m'Mishoni imeneyi, ndipo m'chaka cha 1926 Nkhoma inalowa m'chigwirizano cha C.C.A.P. pamodzi ndi Blantyre ndi Livingstonia. Iwo anapuma pa ntchito m'chaka cha 1937, atatumikira zaka 43, namwalira m'chaka cha 1947. Sukulu ya sekondale ya pa Nkhoma imatchedwa ndi dzina lao kufikira lero.

Tsono dzina la munthu likhoza kusungika pa chipata cha sukulu yatsopano, koma malo amene ntchito inabadwira sasungika okha. Nyumba ya njerwa ikakalamba, chiswe chimadya mitengo ya denga, mvula imalowa, ndipo khoma likanyowa zaka zingapo limagwa. Likagwa, njerwa zimatoledwa, pamalopo pamera thengo, ndipo mwana wofunsa kumene agogo ake anaphunzirira alibe pomuloza.

Chimene Bungwe lilinga ndi ichi: kuti, mogwirizana ndi eni malo a mpingo, nyumba imodzi mwa zakalezo ikonzedwe denga, zitseko ndi mazenera, ndipo isanduke mosungiramo zinthu za sukulu zoyamba, monga masileti, mabuku akale, zithunzi ndi maina a aphunzitsi amene anatsikira kunyanja. Ntchito imeneyi si ya anthu a mpingo umodzi okha ai, pakuti kalaliki, msodzi, mlimi wa mpunga ndi wamalonda, aliyense amene awerenga Chichewa lero wadyako zipatso zake.

Mamembala apemphedwa kupereka zopereka zao kwa msungichuma, amene adzalemba dzina ndi ndalama m'buku napereka risiti. Amene ali nazo zinthu zakale za sukulu m'mabokosi a makolo ao adziwitse mlembi. Mutu umodzi susenza denga. A Murray sanamasulire Buku okha, ndipo denga la pa Mvera lidikira mitu yambiri.