Judy Holliday, katswiri yemwe adavumbula katangale kudzera m'nthabwala

Nkhata Bay: Malemu Judy Holliday, katswiri wa zisudzo wa ku America, amakumbukiridwa ndi kanema wanthabwala wa Born Yesterday wa m'chaka cha 1950, yemwe adaonetsa poyera mmene anthu achuma amagulira atsogoleri andale.

Mayiyu, yemwe dzina lake lenileni lidali Judith Tuvim, adabadwa pa 21 June 1921 mumzinda wa New York. Adayamba ndi ntchito yolumikiza lamya ku Mercury Theatre ya Orson Welles, kenako adalowa gulu la zisudzo la The Revuers.

Dzina lake lidamveka mu 1946 pomwe adalowa m'malo mwa Jean Arthur m'sewero la Born Yesterday lomwe adalemba Garson Kanin. Kampani ya Columbia itaganiza zojambula seweroli, Holliday adapatsidwanso gawo lomwelo motsogozedwa ndi George Cukor.

M'kanemayu iye ndi Billie Dawn, chibwenzi cha mpondamatiki wogula zitsulo zakutha, Harry Brock, yemwe adapita ku Washington kukapereka ziphuphu kwa phungu. Brock adalembetsa makampani ake m'dzina la Billie, ndipo mayiyo ankangosayina mapepala osawawerenga. Mtolankhani wina atamuphunzitsa mbiri ndi malamulo a dziko lake, Billie adazindikira chinyengocho nakana kusayinanso.

Gawoli lidamupezetsa mphotho ya Oscar mu 1951, kuposa akatswiri otchuka Bette Davis ndi Gloria Swanson.

Chaka chotsatira, komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate idamuitana kukamufunsa ngati adali ndi ubale ndi achikomyunizimu. Panthawiyo anthu ambiri a zisudzo ankachotsedwa ntchito pa chifukwa chomwecho, koma Holliday sadapereke mnzake aliyense, ndipo ntchito yake idapitirira.

Mu 1957 adapata mphotho ya Tony ndi sewero la Bells Are Ringing, lomwe lidasandukanso kanema wake womaliza mu 1960. Adamwalira ndi khansa ya m'mawere pa 7 June 1965 ali ndi zaka 43.

Mu 2012 Library of Congress idaika Born Yesterday pamndandanda wa makanema oyenera kusungidwa ngati chuma cha dziko. Uthenga wake ukukhudzabe aliyense wosayinira zikalata mu ofesi: wosayina asanawerenge amasenza mlandu wa wakuba.