Archimedes, nkhalamba imene inabweza Aroma

Archimedes anabadwa cha m'chaka cha 287 Khristu asanabadwe. Kwawo kunali ku Siracusa, mzinda wa Agiriki m'mphepete mwa nyanja, pa chilumba cha Sicilia. Bambo ake, a Phidias, anali katswiri wa nyenyezi, koma mwanayo mtima wake unali pa masamu. Aliyense amene anazulapo chitsa amadziwa kuti mtengo wautali, ukautsamiritsa pa mwala, umatukula chinthu cholemera. Archimedes ndiye anawerengera bwinobwino mmene zimenezi zimachitikira.

Mfumu Hiero inamupempha kuti akonze zida zotetezera mzinda. Mfumuyi inali bwenzi la Aroma, koma itamwalira mu 215, Siracusa inagwirizana ndi Carthage, mdani wa Roma. Mu 213 (zaka za nthawi imeneyo timaziwerenga chobwerera) Aroma anafika pamtunda ndi panyanja pomwe. Mtsogoleri wawo, Marcellus, anali ndi zombo zazikulu 60. Zina anazimanga ziwiriziwiri n'kuikapo makwerero aatali okwerera linga.

Apa Archimedes anali atapitirira zaka 70. Zombo zili patali, malegeni ake akuluakulu anaziponya miyala. Zitayandikira, zinakumana ndi malegeni aang'ono, pamene mivi inkatulukira m'timabowo ta m'linga. Zimene zinafika m'tsinde mwa linga ndizo zinaona zakuda. Mitengo yaitali inkatulukira pamwamba n'kugwetsa miyala yolemera pa makwerero aja. Ina inali ndi mbedza yachitsulo. Mbedzayo inkakola mutu wa chombo, kuchitukula, kenako kuchisiya mwadzidzidzi kuti chigubuduke. Zinafika poti asilikali akangoona kachingwe pa linga, ankaliyatsa liwiro.

Marcellus analeka kulimbana ndi lingalo. Anangozinga mzinda n'kumadikira kuti njala imuthandize. Koma chimene chinamutsegulira njira ndi mowa. Mu 212, pa chikondwerero cha mulungu wawo wamkazi Artemis, anthu analedzera, alonda omwe. Aroma anakwera linga usiku, ndipo patapita miyezi mzinda wonse unagwa. Marcellus anali atalamula kuti Archimedes asaphedwe, komabe msilikali wina anamupha ali mkati mowerengera masamu ake.

Mu 75, patatha zaka 137, Mroma wina wotchuka dzina lake Cicero anafunafuna manda ake. Anawapeza ataphimbidwa ndi minga, eni mzinda atawaiwala. Anawazindikira chifukwa cha chizindikiro chimene Archimedes anapempha yekha: mpira uli m'kati mwa chinthu chonga mgolo.