John Locke, Amene Anaikira Boma Malire

Ophunzira ndi makolo, mwezi uno tikumbukire John Locke, wobadwira ku England mu 1632. Anaphunzira ku Oxford, nadziwa za udokotala. Mu 1683 anathawira ku Netherlands chifukwa boma la Mfumu Charles II linkamuganizira kuti akugwirizana ndi adani ake. Atabwerera mu 1689, anatulutsa buku la Two Treatises of Government mosalembapo dzina lake.

M'bukuli anaphunzitsa kuti munthu amabadwa ndi ufulu wa moyo, wodzisankhira zochita ndiponso wokhala ndi katundu. Ntchito ya boma ndi kuteteza ufuluwo, ndipo likaupondereza, anthu angathe kulichotsa. M'kalata ina analemba kuti Msilamu kapena Myuda asamanidwe ufulu wa nzika chifukwa cha chipembedzo chake.

Locke anamwalira mu 1704. Mu 1776 Thomas Jefferson anatengera maganizo ake polemba chikalata cholengeza ufulu wa America. Komabe tisaiwale kuti Locke anaika ndalama m'kampani yogulitsa akapolo a ku Africa, ndipo Jefferson anali ndi akapolo ake. Ufulu umene ankaulalikira sanaupereke kwa anthu onse.