Alexander Fleming, Mwana wa Mlimi Amene Anatulukira Penisilini

Alexander Fleming anabadwa m'chaka cha 1881 ku Scotland, m'banja la alimi. Atakula anakhala dokotala pa chipatala cha St Mary's ku London. M'chaka cha 1928 anaona kuti chuku chimene chinamera m'kambale kake koyesera chikupha tizilombo ta matenda. Ndimo munachokera penisilini.

Polandira mphotho ya Nobel mu 1945, bamboyu anachenjeza kuti mankhwalawa akamwedwa mopereweza, tizilombo sitifa koma timangozolowera. Anamwalira mu 1955.

Mawu ake apherezera. Lero m'zipatala zambiri muli tizilombo tosamvanso mankhwala, ndipo odwala ena akufa nato. Tsono abale, tileke kugula makapisozi awiri atatu pamsika. Tizimwa monga atiuzira kuchipatala.