Huo Yuanjia, Mwana Amene Ankaphunzira Mobisa

Ambirife kung fu timangoionera m'mavidiyo, ndiye ndati ndikuuzeniko za Huo Yuanjia, munthu amene Jet Li anasewera mu filimu ya Fearless. Anabadwa mu 1868 kufupi ndi Tianjin ku China. Poti ankadwaladwala, bambo ake anamukaniza kuphunzira luso lomenyana la banja lawo. Iye ankangosuzumira abale ake akuphunzira, n'kumakayeserera yekha. Koma kulimba mtima kwakeko, anzanga! Atatchuka, mu 1910 anatsegula ndi anzake sukulu ya Jingwu ku Shanghai kuti achinyamata, ngakhale osakhala achibale, aziphunzira. Anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 42, ndipo ena amati anamupatsa chiphe. Sukuluyo sinafe, inafika mpaka ku Malaysia ndi Singapore.