Adolf Erik Nordenskiöld: mtsogoleri wa ulendo wa sitima ya Vega amene anapeza yureniyamu m'miyala yakuda

Dzina la Adolf Erik Nordenskiöld limadziwika kwambiri kaamba ka ulendo wake wapanyanja wa kumpoto kwa dziko lapansi, koma ntchito imene mkuluyu anaigwira moyo wake wonse inali yofufuza miyala.

Nordenskiöld anabadwa pa 18 Novembala 1832 mumzinda wa Helsinki ku Finland, dzikolo lili pansi pa ulamuliro wa mfumu ya Russia. Bambo ake, a Nils Gustaf Nordenskiöld, anali mkulu woyang'anira migodi m'dzikomo.

M'chaka cha 1857 iye analankhula pa mwambo wina wa kuyunivesite mawu amene anakwiyitsa bwanamkubwa woimira boma la Russia. Izi zinachititsa kuti asamukire ku Sweden, komwe mu 1858 anamusankha kukhala mkulu wa nthambi ya miyala ku nyumba yosungiramo zachilengedwe mumzinda wa Stockholm.

Mu 1878 anatsogolera ulendo wa sitima ya Vega pofuna kudutsa kumpoto kwa Ulaya ndi Asia. Madzi oundana anatsekereza sitimayo kuyambira Seputembala 1878 mpaka Julaye 1879, koma inapyola n'kukafika ku Japan. Inabwerera ku Stockholm pa 24 Epulo 1880, ndipo mfumu inamupatsa ulemu wa baroni.

Mu 1893 Nordenskiöld anapeza kuti mwala wina wooneka ngati malasha, wotchedwa kolm, uli ndi yureniyamu. Mwalawu umapezeka m'kati mwa miyala yakuda ya alum shale, monga ya kuphiri la Billingen.

Miyala yakudayi inapangidwa zaka pafupifupi 500 miliyoni zapitazo kuchokera ku matope a pansi pa nyanja. Popeza pansipo panalibe mpweya wokwanira, zotsalira za tizamoyo tam'madzi sizinkawola zonse, ndipo zinkakola yureniyamu wosungunuka m'madzi. N'chifukwa chake miyala yotere imatulutsa cheza chambiri kuposa miyala ya laimu kapena yamchenga yoyandikana nayo.

Pa nthawiyo kunali kusanadziwike kuti yureniyamu amatulutsa cheza, chifukwa Henri Becquerel wa ku France anatulukira zimenezi mu 1896. Nordenskiöld anamwalira pa 12 Ogasiti 1901, zotsatira za zomwe anapezazo zisanaoneke.

Pakati pa 1965 ndi 1969 dziko la Sweden linakumba yureniyamu wopitirira matani 200 pa mgodi wa Ranstad, pafupi ndi Billingen, koma ntchitoyo inaima chifukwa inkadya ndalama zambiri kuposa kugula kunja.

Phunziro lowawa linachokera ku ntchito yomanga. Kuyambira 1929 mpaka 1975 makampani ankaumba njerwa zopepuka za konkire pogwiritsa ntchito miyala yakudayi, ndipo nyumba zikwizikwi zinamangidwa nazo. Njerwazi zimatulutsa mpweya wa radon, umene ukadzadza m'nyumba umatha kuyambitsa khansa ya m'mapapo. Kuumba njerwazi kunaimitsidwa, ndipo boma linakhazikitsa malire a kuchuluka kwa radon wololedwa m'nyumba.

Mapu akale amene Nordenskiöld anasonkhanitsa amasungidwa ku laibulale yaikulu ya dziko la Finland ku Helsinki, ndipo mu 1997 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa zolembedwa zofunika kusungidwa padziko lonse.